Mkazi wa lupanga ku Joni ndi ku Mangochi

Mmalawi wa ku Joni amaonera filimu ya Chitchaina pafoni, yekha m'chipinda cha lendi, ataweruka kuntchito. Kwawo ku Namwera, Makawa kapena Monkey Bay, filimu yomweyo imaonedwa m'kanyumba ka vidiyo, pamabenchi, sipika ili panja kuitanira odutsa, womasulira m'Chichewa akuthira nthabwala zake mpaka mawu a eni filimu osamveka.

Woonera wa ku Joni ndi wa kumudzi onse amamudziwa mkazi wa lupanga, koma amamudziwa mosiyana.

Mkaziyu ndi wakale. Mu 1966 kampani ya Shaw Brothers ya ku Hong Kong inatulutsa Come Drink with Me ya King Hu, momwe Cheng Pei-pei ndi Golden Swallow, mtsikana wovala ngati mwamuna amene wapita kukaombola mchimwene wake m'manja mwa achifwamba. Cheng anaphunzira kuvina, osati kumenya, ndipo mapazi ake amaonetsa zimenezo pamene akuzunguliridwa ndi zigawenga m'nyumba ya alendo. Mu 2000 anabweranso ali mayi wachikulire woopsa, Jade Fox, mu Crouching Tiger, Hidden Dragon ya Ang Lee, yomwe inatenga mphoto zinayi za Oscar. Ndeu yokoma kwambiri mufilimuyi ndi ya akazi okhaokha: Michelle Yeoh akusintha chida pambuyo pa chida, Zhang Ziyi akuziwononga ndi lupanga lakuba la Green Destiny. Kuuluka pamadenga kwa mufilimuyi, kumene ana amalumbira kuti ndi mankhwala, ndi zingwe chabe zimene gulu la Yuen Woo-ping limakoka.

Ku Mangochi mayina amenewa sagwira ntchito kwenikweni. Womasulira amamupatsa mkaziyo dzina lake, ndipo anyamata obwera kunyanja akadali ndi fungo la usipa amangofunsa ngati sitaa afe kapena ayi. Amene dzina lake linakhazikika kwa akuluakulu ndi Cynthia Rothrock, mzungu wa ku America yemwe anasewera ndi Yeoh mu Yes, Madam mu 1985. Koma zimenezo zinali nkhonya ndi mateche a apolisi, osati malupanga.

Chodabwitsa chili pamabenchi. Amene akukuwira mkazi akugwetsa amuna khumi ndi amuna pafupifupi okhaokha. Mtsikana wolowa m'vidiyo usiku amatchulidwa mayina m'mudzi, ndiye alongo awo a anyamatawa amangomvera kulira kwa malupanga pasipika, ali paulendo wa kumjigo.

Ku Joni foni yachotsa chotchinga chimenecho. Mayi wa ku Malindi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Mayfair atha kuonera Yeoh mpaka pakati pausiku popanda womufunsa, bola data ilipo. Amamva nkhani yeniyeni, kuti mtsikana amene Zhang amasewera mu Crouching Tiger akuthawa ukwati womupangira makolo, nkhani imene ku Mangochi siyachilendo ndipo womasulira amatha kuidumpha pothamangira ndeu. Chimene amataya ndi phokoso lija, chifukwa filimu ya malupanga yoonera pawekha imazizira.

Kumudzinso zinthu zikusuntha. Pamalo obenera nyimbo pamsika amaikanso mafilimu omasulira pa memore kadi, ndipo foni zambiri zoonerapo ndi zomwe zimatsika ndi mabasi a ku Joni, zotumizidwa kwa akazi ndi alongo otsala pakhomo.