Cifundo cimene cimaumitsa dzanja

Sitroko ikagwila munthu pa nyumba, abululu timathamangila kumucitila zonse. Timamusambika, kumuvalika, kumudyetsa, olo kapu ya madzi timamugwilila. N'cikondi ndithu. Koma cikondi cotele nthawi zina cimaumitsa dzanja limene likanayambanso kuseŵenza.

Amalume anakhala na BP zaka zambili, mapilisi n'kumamwa mwa apo na apo. Sitroko inawononga mbali ya kumanzele ya ubongo wawo, koma cimene cinafooka ni dzanja na mwendo wa kumanja, cifukwa mbali iliyonse ya ubongo imalamulila mbali ina ya thupi. Mayi wa physiotherapy ku cipatala anatifotokozela kuti dzanjalo silinafe. Cimene caduka ni njila ya uthenga wocokela ku ubongo. Ubongo umakwanitsa kutsegula njila zina, monga mmene anthu amapezela powolokela pena ulalo ukakokoloka na mvula. Koma kanjila kamaoneka cabe ngati anthu apondapo tsiku na tsiku. Ndiye cifukwa cake wodwala afunika kubweleza cinthu cimodzimodzi mpaka cimutopetse, maka-maka m'miyezi itatu yoyamba pamene kusintha kumacitika mwamsanga.

Maseŵela ake ni osacititsa cidwi: kutembenuka pa bedi, kukhala tsonga osagwa, kunyamuka pa mpando na kukhalanso. Pambuyo pake kutola nyemba imodzi-imodzi m'mbale. Munthu amene anali kulima munda wonse yekha, lomba alimbana na nyemba! Tsiku lina anaikankhila kutali mbaleyo. "Mphwanga, ukundiyesa mwana?" N'nangotola nyembazo n'kukamba kuti, "Amalume, yesankoni kaŵili cabe, tileke." Anayesa kasanu, uku akung'ung'udza.

Pali zinthu ziŵili zimene nifuna aliyense wosamalila wodwala adziŵe. Musamunyamule mwa kukoka dzanja lofookalo. Minofu ya pa phewa imakhala yalefuka, ndipo phewa lingasunthe pamalo pake, ululu wake n'kumulepheletsa maseŵela onse. Ndipo amene akali cigonele muzimutembenuza pakapita maola aŵili alionse kuti asacite zilonda.

Akatswili a nchito imeneyi amaphunzila ku Evelyn Hone College na ku UNZA mu Lusaka, koma kumidzi ni osoŵa, ndipo ndalama ya motoka yopitila ku cipatala wiki iliyonse si onse angaikwanitse. Conco nchito yaikulu imatsala m'manja mwa a pa nyumba. Aneba ena anatilangiza zotemela mphini. Sin'nakangane nawo, koma mphini imathela pa khungu, vuto lili m'mutu.

Lomba amalume amayenda na ndodo mpaka ku chechi, mwendo akuuguza pang'ono. Zala zikali zouma, batani la shati limawavuta. Akazi awo anakulunga nsalu ku cigwililo ca sipuni kuti cinenepe, ndipo phala la m'maŵa amadya okha, olo kuti lina limatayikila pa citenge.