Kupalasa njinga m'njira ya sitima

Sitima ya pamtunda siitha kukwera chitunda chakuthwa. Nchifukwa chake amene anamanga njanji ya pakati pa Scarborough ndi Whitby, m'mbali mwa nyanja kumpoto chakum'mawa kwa England, anaizungulitsa m'mapiri kuti izikwera pang'onopang'ono. Njanjiyi inatsegulidwa mu 1885 n'kutsekedwa mu 1965. Zitsulo anazula, koma njira inatsala, yotalika makilomita pafupifupi 34. Lero amaitcha Cinder Track chifukwa pansi pake anathirapo phulusa la malasha m'malo mwa miyala.

Kukwera pang'onopang'onoko ndi kumene kunatikopa. Pagulu lathu la zaumoyo ambiri tapitirira zaka 40, ena akumwa mankhwala a BP, ena njinga anaisiya kalekale ali kumudzi. Tinagwirizana chinthu chimodzi: aliyense apalase pa liwiro loti angathe kulankhula koma osatha kuimba. Wolephera kumaliza chiganizo atsike, akankhe, palibe womuseka.

Kuchokera ku Scarborough njira imadutsa m'minda mpaka ku Cloughton, kenako imalowa m'nkhalango ya Hayburn Wyke. Pano musathamange. Siyani njinga, mutsetsereke wapansi pakati pa mitengo kufikira pamene kamtsinje kamagwera pa miyala ya kugombe, nyanja ili pomwepo.

Ntchito yeniyeni imayamba mukatero. Chitunda cha ku Ravenscar sichioneka ndi maso, chimamveka m'ntchafu, ndipo sichitha msanga. Pamwamba pake, mamita pafupifupi 190 kuchokera pamadzi, panayenera kukhala tauni ya alendo. Misewu anailambula, mapuloti anagulitsa, koma nyumba zinamangidwa zowerengeka chabe. Tinadyera pomwepo kamba wathu, mphepo ikutilanda mapepala.

Potsikira ku Robin Hood's Bay, pa mamita 39 alionse njira imatsika mita imodzi. Kwa sitima umenewu unali mtsetse woopsa. Kwa njinga ndi mpumulo, bola mabuleki akhale abwino, chifukwa malo ena ndi okumbika ndipo mvula ikagwa pamachita matope. Matayala opyapyala a mumsewu wa tala sayenera kuno.

Amayi awiri anathera pamenepo n'kukwera basi, atapalasa makilomita oposa 20. Otsalafe tinakaoloka mtsinje wa Esk pa mlatho wa Larpool, wanjerwa zokhazokha, madenga ofiira a Whitby akuonekera kumunsi.