ZA KUKONZANSO MAKINA AKALE A MASEWERA OTCHEDWA WII

Abale athu a m'midzi, mwezi uno tifuna kucheza nanu za kanthu kamene ambiri a inu mudzati nkachibwana, ndipo sitidzakutsutsani, pakuti nka masewera ndithu. Koma kanthu ka masewera kakalowa m'nyumba, ana nakakonda, kasanduka chuma cha banja monga njinga kapena wailesi; ndipo chuma chikadwala, mwini nyumba ayenera kudziwa pamene angagwire ndi pamene sayenera kugwira konse. Tinena za makina aja otchedwa Wii, ang'ono ngati buku, amene alumikizidwa ku wailesi yakanema, ndipo munthu asewera nawo pogwedeza kamtengo koyera m'dzanja lache.

Kampani ya Nintendo, ya ku Kyoto m'dziko la Japan, idayamba kuwagulitsa m'chaka cha 2006, ndipo pa dziko lonse adagulidwa oposa mamiliyoni 100. Kuno kwathu afika mochedwa, atakalamba kale, m'zikwama za abale obwera kuchokera ku nchito kunja, pamodzi ndi mabulangete ndi nsapato za ana. Athu adadza chomwecho: mlamu wathu adawagula kwa munthu wina ku Johannesburg, ndipo munthuyo nayenso adawagula kwa wina. Tsono apa ndipo pali nkhani yonse, chifukwa makina opita m'manja ambiri otere kawirikawiri adalowedwa kale ndi wina amene adasintha za m'kati mwache, osati ndi nyundo kapena sikuludiraiva ai, koma ndi mapulogalamu, ndiwo malangizo olembedwa amene makina amvera. Wosinthayo sitimdziwa, sadasiye kalata, ndipo zimene adaikamo zidakalamba.

Kuti mumve bwino, tiyambe ndi m'mene kusinthaku kudayambira. Eni kampani adatseka makinawa kuti asamvere pulogalamu iri yonse koma yokhayo yokhala ndi chidindo chao. Anyamata ena ochenjera a maiko osiyanasiyana, amene adadzitcha Team Twiizers chifukwa adatulutsa zinsinsi za makinawa ndi kambaniro kachitsulo konga kozulira minga, adapeza khomo m'chaka cha 2008. Khomolo lidali loseketsa. M'masewera ena a Zelda muli kavalo dzina lache Epona. Iwo adampatsa kavaloyo dzina lalitali kopambana malo amene adalikonzera, ndipo mau osefukirawo makina adawayesa malangizo, nawamvera. Polowera pamenepo adaika chimene adachitcha Homebrew Channel, ndicho chipata chotsegulira mapulogalamu opangidwa ndi anthu wamba. Kuyambira apo padakhala mpikisano wa zaka ziwiri: kampani itseka khomo, anyamata atsegula lina, itsekanso, iwo atsegulanso. Kusintha kotsiriza kwa kampani, kwa nambala 4.3, kudatuluka mu 2010, ndipo chaka chotsatira anyamata aja adayankha ndi LetterBomb, kalata yofiira yooneka pa bolodi la mauthenga la makinawo, imene munthu akaitsegula khomo litseguka.

M'zaka za mpikisanozo anthu ambiri adachita zinthu mothamanga, ndipo zina zimene zidayesedwa nzeru mu 2009 lero odziwa aziyesa msampha. M'kati mwa Wii muli timapulogalamu tambiri totchedwa IOS, kali konse m'chipinda chache cha nambala, monga nkhokwe zambiri pabwalo limodzi. Masewera ali onse aitana nkhokwe yao, ndipo chithunzi choyamba chija chimene muona poyatsa nacho chiri ndi yache. Njira yabwino ndiyo kusiya nkhokwe za kampani monga ziri, ndi kumanga zatsopano pa malo opanda kanthu, monga pa nambala 249 ndi 250. Koma ena kale adasanganiza nkhokwe zonse ndi mbeu zao, poganiza kuti potero makina adzamvera chiri chonse. Makina otere ayenda ndithu, koma ayenda ngati ngolo yomangidwa ndi luzi: lero ifika, mawa ithyoka pamtsinje. Chizindikiro chimodzi nchodabwitsa, ndipo tidachiona ndi maso athu: chithunzi cha Homebrew Channel chioneka chozondoka, mutu pansi, pakuti opanga ache adachikonza kuti chizitero chikapeza kuti chaimikidwa pa IOS yosokonezedwa.

Athu adayamba kubvuta pang'onopang'ono. Masewera ena adaima pakati, wailesi nkuda bii. Diso lowerenga chimbale lidafooka, kotero kuti chimbale cha Mario Kart chinkalowa ndi kutuluka katatu chisanabvomere. Mwana wathu wamkulu, amene aphunzira ku sekondale, adati, “Bambo, pali batani lolembedwa kuti makina adzikonze okha ndi intaneti, tingolidina basi.” Tidamuuza kuti adikire kufikira titafunsa, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo chimene chidatichititsa mantha sichidali mtengo wa makinawo. M'menemo ana adapanga tizithunzi ta anthu a m'banja, totchedwa Mii, ndipo pakati pa ito pali ka agogo ao akazi, ka magalasi ndi tsitsi loyera, kamene agogowo adasankha okha mphuno yache akuseka mpaka misozi. Iwo adatisiya dzinja lapitalo. Kachithunziko kakali kuima pakati pa oonerera pamene adzukulu aponya mpira m'masewera a Wii Sports, ndipo wamng'ono akapatsa moni. Makina akafa, nakonso kapita.

Kufa kwa makina otere odziwa akutcha kusanduka njerwa, chifukwa chotsala ndi chinthu cholemera chosathandiza kanthu koma kutsekera chitseko. Ndipo batani lija limene mwana adafuna lidasandutsapo makina ena njerwa. M'chaka cha 2009 kusintha kwa nambala 4.2 kudalembanso gawo lina la m'kati lotchedwa boot2, limene makina awerenga podzuka, ndipo ena adafa pomwepo, ngakhale amene eni ache sadawakhudze konse. Palinso makina opangidwira dziko la Korea amene amalonda adawasintha kuti aoneke ngati a ku Ulaya kapena a ku America. Amenewa akalandira 4.2 kapena 4.3 aonetsa mau akuti Error 003, naima pomwepo. Munthu wogula pa kaunjika adziwa bwanji kumene makina ache adabadwira? Ayang'ane nambala zolembedwa pa kapepala ka pansi pache, nazifananize ndi chilembo chotsatira nambala ya m'kati: E ndi cha ku Ulaya, U cha ku America, J cha ku Japan, K cha ku Korea. Zikasiyana, wina adapitapo kale.

Tsono nchito yoyamba sikukonza ai, koma kusunga. Makinawa ali ndi mosungira mwache mwa 512 MB, ndipo pali pulogalamu yotchedwa BootMii, ya anyamata omwe aja, imene ijambula zonse za m'menemo ndi kuzilemba pa khadi la SD. Potuluka mafailo awiri, nand.bin ndi keys.bin. Loyamba ndilo katundu yense. Lachiwiri ndilo makiyi ache, ndipo makiyiwo ali a makina amodzi okhawo pa dziko lonse, kotero kuti failo la mnansi wanu silingathe kuchiritsa makina anu, ngakhale adagulidwa sitolo imodzi tsiku limodzi. Pa nchito iyi kamtengo koyera kaja sikagwira. Munthu ayendetsa ndi mabatani a Power ndi Reset a pa makina penipeni. Pa wailesi paoneka timabokosi tambirimbiri tosanduka tobiriwira kamodzikamodzi, ndipo tikaoneka tingapo takuda musaope, pakuti makina ambiri adatuluka nato ku fakitale. Ife tidakhala chete monga anthu odikira kunja kwa chipinda cha odwala, kufikira mzere wotsiriza utadzaza.

Pali mwai wina umene suli wa onse. Makina oyamba, opangidwa chisanathe chaka cha 2008, alola BootMii kukhala pakhomo penipeni, pa boot2 paja, kotero kuti idzuka zina zonse zisanadzuke, ndipo ngakhale za m'kati zitaonongeka kotheratu munthu akhoza kubwezeramo zimene adasunga. M'makina a pambuyo pache kampani idatseka mpata umenewo. Kwa amenewa mlonda ndiye Priiloader, pulogalamu imene ionekera mukagwira Reset poyatsa, ndipo ife tiyesa kuti iyenera kuikidwa m'makina onse, akale ndi atsopano omwe. Iri ndi ubwino winanso kwa banja la ana ambiri: ikhoza kuletsa makina kudzisintha okha, kaya ndi intaneti kaya ndi chimbale, pakuti zimbale zina zidza ndi kusintha kwa kampani m'kati mwao, ndipo mwana wofuna kusewera abvomera chiri chonse chimene wailesi imfunsa.

Zitasungidwa izi, ndipo pamene munthu ayamba kufufuza chimene wakale uja adaikamo. Kapulogalamu kotchedwa SysCheck kalemba mndandanda wa nkhokwe zonse, iyi nja kampani, iyi njosinthidwa. Mukapeza maina a Waninkoko kapena Hermes, dziwani kuti nchitoyo nja zaka zoyambirira. Sidali yoipa pa nthawi yache, koma idalowedwa m'malo ndi ina yotchedwa d2x, imene imvana bwino ndi zosungira za USB za masiku ano. Yatsopano ingolembedwa pamwamba pa yakale m'chipinda chomwecho. Palibe chifukwa chofufutira. Mau awa tiwabwereze, chifukwa apa ndi pamene ambiri adagwa: musafufute IOS iri yonse ya kampani poganiza kuti mukusesa m'nyumba. Chithunzi choyamba cha 4.3 chiimira pa IOS80, cha 4.2 pa IOS70, cha 4.1 pa IOS60. Mukachotsa mwala umenewo nyumba igwa, ndipo sipakhala pogwira. Chimodzimodzi musabweze makina ku nambala yakale, ndiponso musaike chithunzi choyamba cha dera lina.

Kwa ife nchito idali yochepa kuposa m'mene tidaopera. Tidabwezera IOS58 yeniyeni ya kampani, tidaikanso Homebrew Channel ndi HackMii Installer, ndipo chithunzi chozondoka chija chidaimirira bwino. Poyamba pa pulogalamu imeneyi paoneka chenjezo limene likakamiza munthu kudikira kanthawi asanapitirire, lonena kuti pulogalamuyo njaulere, ndipo amene adailipira adanyengedwa. Tinena izi chifukwa m'matauni muli anyamata okonza mafoni amene adzakuchitirani nchitoyi. Kuwalipira thukuta lao nkoyenera, koma afunseni ngati adzasunga nand.bin asanayambe, ndipo akakuyang'anani modabwa, nyamulani makina anu mupite kwina.

Za magetsi tisaiwale. Pamene makina alemba m'kati mwao, magetsi akazima ngakhale kamphindi, cholembedwacho chitsala theka, ndipo theka la malangizo liipa koposa kusowa malangizo. Amene muli ndi sola, chitani nchitoyi masana batire litadzaza, wina asalumikize chinthu china cholemera. Amene mudalira magetsi a mawaya, sankhani nthawi imene sakonda kuzima kwanuko, kusakhale mvula ya mabingu. Yang'ananinso kabokosi kotuwa ka pa chingwe cha moto. Ka ku Britain ndi ka ku South Africa kamvana ndi magetsi athu a 230 V, koma ka ku America nka 120 V, ka ku Japan nka 100 V, ndipo kotere kakalumikizidwa kuno popanda chotsitsira mphamvu kapsa nthawi yomweyo.

Wina adzafunsa kuti, kodi zonsezi si kuba? Funso nlabwino, ndipo sitilizemba. Kampani siikondwera nako kusintha kuli konse, ndipo malamulo a maiko asiyana pa nkhaniyi. Ife tiona chotere: kujambula chimbale chimene mudagula, kuti ana asewere kuchokera pa USB pamene diso la makina lafooka, nkusamala chuma chanu, koma kudzaza chosungira ndi masewera mazana amene simudalipire nkutenga za mwini, ngakhale palibe akuonani. Ndiponso kampaniyo idachoka kale pa makinawa: idaleka masewera a pa intaneti mu 2014, nitseka sitolo yache ya m'makinamo mu January 2019. Amene atsala kuwasamala ndiwo anthu odzipereka okha, monga a Wiimmfi, amene adatsegulanso njira yoti ana a maiko akutali athamangitsane magalimoto a Mario Kart.

Chosungira cha USB chilowe pa bowo la kumphepete, limene likhala pansi makina akagona, pakuti lina lija kawirikawiri silimva. Khadi la SD likhale lokonzedwa mwa FAT32. Makina akayamba kuiwala tsiku ndi ola, m'mbali mwache muli kabatire kozungulira ka CR2032, kogwidwa ndi kasikulu kamodzi, konga ka m'masikelo ndi m'makompyuta. Tsiku likalakwika kalata yofiira ija siioneka pa malo pache. Mafailo awiri aja ife tidawakopera pa makhadi awiri. Lina liri m'chitini momwe tisunga makalata a ubatizo ndi a sukulu, lina tidatumiza kwa mlamu ku Johannesburg, titalemba pa envulopu nambala ya pansi pa makina, kuti lisasokonezeke ndi la makina ena.