Anabisa Mabatani, Nati Aphweketsa

Lolemba lapitali kunabwera mnyamata pabenchi panga muno mu Limbe, atanyamula kamera ndi manja awiri ngati dzira. Ndisaname, inali yokongola: yopyapyala, yosalala mbali zonse, kumbuyo galasi lokhalokha, pamwamba batani limodzi ndi kagudumu kamodzi. Akuti anachita kuitanitsa kunja kudzera mwa mlamu wake.

"Ankolo, yandichititsa manyazi iyi," anatero asanakhale n'komwe pansi.

Anali atalembedwa ganyu yojambula ukwati Loweruka. Perekaniperekani ali mkati, magetsi anathima muholo, akwati n'kutulukira pabwalo, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Sikirini sinkaoneka kanthu, chala chili thukuta lokhalokha, ndipo pomwe iye ankasakasaka m'menyu poti achepetsere kuwala, akuchimuna anali atavina kale n'kuponya ndalama zawo. Zithunzi zonse za pabwalo zinatuluka mbuu, diresi la mkwatibwi osasiyana ndi khoma. Ndinaiyesa paliponse kamera ija. Inalibe vuto ngakhale limodzi. Inkagwira ntchito ndendende momwe anaipangira, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima.

Ntchito yokonza makamera ndinaiphunzira m'zaka za m'ma 1990 kwa madala ena omwe poyamba anali okonza mawotchi. Luso lawo analitenga ku Salisbury ali mnyamata, ndipo mpaka imfa yawo dzina loti Harare silinkatuluka bwino pakamwa pawo. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kukhudza lenzi. Ntchito yanga inali kumasula tisikuluu ta kamera yakufa, kutiika m'thireyi ya mazira motsatana, kabowo kalikonse gawo lake, kenako kutibwezera. M'mawa kumasula, masana kumanga. Kamodzi kakagwa pansi tinkatseka chitseko, ine n'kumakwawa ndi maginito mpaka kapezeke. Ankati, "Mwana iwe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukathamanga udzagula kamera ya mwini." Ndi iwo anandionetsa kuti tisikuluu ta makamera a ku Japan, ngakhale timaoneka ngati ta mtanda wamba, mutu wake ndi wina, wotchedwa JIS, ndipo ukalowetsapo sikuludiraiva ya Phillips imaterereka n'kudya mutuwo. Mpaka lero kamera ikafika, ndimayamba ndayang'ana mitu ya tisikuluu. Ikakhala yodyekadyeka ndimadziwa kuti yadutsa kwa anyamata a pamsika aja omwe amatsegula chilichonse ndi nsonga ya mpeni, ndipo mtengo ndimakweza ndisanaitsegule.

Madala aja anali ndi mayeso awo. Ankatenga Pentax K1000, kuiphimba ndi chitenje pamodzi ndi manja anga, n'kunena kuti, "Ndipatse 125 pa 8." Ndinkayenera kuchita ndi zala zokha. Kagudumu ka liwiro ukayambira pa 1000, ukabwerera katatu, ke ke ke, wafika pa 125. Mkombero wa palenzi nawo umawerenga kulira kwake. Kamera imeneyi inatuluka mu 1976 ndipo anaipanga mpaka 1997, zaka zoposa makumi awiri, thupi lake lomwelo. Ili ndi zinthu zitatu basi zoti munthu apotoze: liwiro la shata, kukula kwa kabowo kolowera kuwala, ndi fokasi. Kabatire kake kamangoyendetsa kasingano koyeza kuwala. Kakatha, kamera imajambulabe, iwe n'kumayeza kuwala ndi maso. Ojambula a ku Zomba, a m'masukulu, a pamaukwati a kumudzi, ambiri ankadyera K1000 kapena Zenit ya ku Soviet Union, yolemera ngati njerwa.

Choncho munthu asandiuze kuti ndimadana ndi zinthu zosavuta. Kamera yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi yosavutitsitsa, Olympus Trip 35, yomwe inapangidwa kuyambira 1967 mpaka 1984. Ilibe batire. Kuzungulira lenzi kuli timagalasi tokhala ngati maso a ntchentche, pansi pake pali selenium yemwe akaona kuwala amatulutsa mphamvu yokwanira kusuntha kasingano mkati. Fokasi yake ndi tizithunzi tinayi: munthu mmodzi, anthu awiri, gulu, phiri. Agogo osadziwa kuwerenga amatha kuigwiritsa ntchito. Kukada kwambiri, kambendera kofiira kamadzuka m'kawindo koonera ndipo batani limakana kutsika, kuti usawononge filimu. Amene anaipanga anachotsa zambiri, koma chilichonse chomwe anachotsa anayamba wachiganizira m'malo mwako.

Ndipo imatseguka. Ikakalamba, fumbi ndi mafuta zimagwira timapeni tiwiri ta kabowo ka kuwala. Umamasula tisikuluu titatu tating'onoting'ono ta mkombero wakutsogolo, koma usanapotoze galasi loyamba, uike chizindikiro pomwe laima, chifukwa fokasi yonse yagona pamenepo. Ine tsiku langa loyamba sindinaike. Madala aja sanandikalipire. Anangondipatsa kapepala kopyapyala koona mbali ina, kuti ndiike pomwe pamakhala filimu, n'kundituma panja kuti ndiloze kamera kuphiri la Ndirande ndi kupotoza galasi mpaka phirilo lioneke bwino pakapepalapo. Ndinakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nsima, iwo akumwa tiyi pakhonde. Timapeni tija umatitsuka ndi mafuta a laita, pang'ono pokha, osapakanso mafuta ena alionse. Anyamata a pamsika amathira mafuta a makina osokera, kamera n'kugwira sabata imodzi, kenako n'kuuma gwa.

Zamasiku ano nazo akuti n'zosavuta. Kusiyana kwake n'koti ntchito sanaichotse, anangoikankhira kuseri kwa galasi. Kamera ya mnyamata uja ili ndi zosankha zochuluka kuposa K1000 kakhumikhumi, koma zonse uzipeze ndi maso, utachotsa kamera kunkhope, pomwe mkwatibwi sakukudikira. Mu 2014 a Leica anatulutsa Leica T, yosemedwa kuchokera ku chibuma chimodzi cha aluminiyamu, kumbuyo sikirini yokhudza, ndipo ankanyadira kuti iliyonse amaipukuta pamanja mphindi 45. Mu 2025 a Sigma anatulutsa BF, nayonso ya chibuma chimodzi, yopanda kawindo koonera, yopanda poika fulashi, yopanda polowetsa memori khadi, zithunzi zimasungidwa mkati momwemo mu 230 GB. Sindikukana, pali anthu omwe zimawakomera: munthu woyenda pang'onopang'ono mumzinda wozizira, wojambula zomwe wakonda, wopanda apongozi omudikira. Koma wojambula wa kuno amachoka kutchalitchi kuthamangira kuholo, amazula khadi n'kupatsa mnzake kuti akatsukitse zithunzi zoti agulitse pakhomo anthu asanabalalike. Kamera yopanda khadi angaitani?

Chodabwitsa n'choti opanga okhawo amabwerera m'mbuyo mwakachetechete. A Apple anachotsa polowetsa SD khadi pa MacBook Pro mu 2016, ojambula dziko lonse n'kumayenda ndi timichira tolumikizira m'matumba, ndipo mu 2021 anabwezerapo. A Fujifilm anatchuka ndi X100 chifukwa choika magudumu a liwiro ndi mkombero wa palenzi ngati kale. A Nikon anatulutsa Zf mu 2023, magudumu ake amkuwa pamwamba. Zomwe madala anga ankandiphunzitsa pansi pa chitenje lero akuzigulitsa ngati fashoni.

Makamera okha sangandidyetse masiku ano, ndiye theka la benchi langa ndi mafoni, ndipo kumeneko n'komwe kuli mdani wanga weniweni, guluu. Kale foni unkaitsegula ndi chikhadabo, batire n'kuzula, n'kuika lina. Galaxy S5 ya 2014 inali ndi chivindikiro chotseguka ndi dzanja, komabe inkapirira madzi. Chaka chotsatira S6 inabwera ndi galasi kumbuyo, batire lomatiridwa mkati, polowetsa memori khadi palibe. Ena ambiri anatsata njira yomweyo, mpaka timafoni totchipa tomwe timangotengera maonekedwe.

Kutsegula foni yomatidwa ndi ntchito ya mtima wautali. Umayamba waitenthetsa m'mbali kuti guluu afewe, kutentha koti chala chikhudze koma chisakhalitse. Ukachepetsa moto galasi limasweka pokanula, ukachulutsa sikirini imachita mawanga. Magetsi akathima, ine ndili ndi kathumba ka nsalu kodzaza mchenga wa kumtsinje, ndimakafunditsa pambaula n'kukagoneka pafoni mphindi zingapo. Kenako kukoka pang'ono ndi kamphira koyamwa, mpata ukangooneka ngati tsitsi n'kulowetsa kapulasitiki kopyapyala, osati chitsulo, n'kudonthezera sipiriti kuti adye guluu. Uyende pang'onopang'ono kuzungulira, ndipo udziwe pomwe pali kalamba ka waya, chifukwa mafoni ena kowerengera chala kamamatidwa kuchivindikiro, ukangokanula mwamphamvu wadula. Ukalowa, batire nalo analimata. Ena amaikako timalamba tokoka, koma foni ikakhalitsa padzuwa la kuno timaduka ukangokoka. Apa ndi pomwe ndimatulutsa aliyense pabenchi. Batire la lithium ndi kathumba kofewa, ukalipinda kapena kulibaya limafuka utsi woyera n'kuyaka, ndipo moto wake sumva kuuzira. Pansi pa tebulo langa pamakhala chidebe cha mchenga chifukwa cha zomwe zinandionekera chaka china, foni ya mayi wina wogulitsa kaunjika itandiyakira m'manja. Nsidze zinamera, koma foni ndinalipira.

Zonsezi kuti ndisinthe batire, ntchito yomwe kale mwini foni ankaichita yekha ali m'minibasi. Ndiye ukatchula mtengo, kasitomala amadumpha. "Aaa achimwene, kungosintha batire basi? Uko andiuza theka lake." Pitani konko, mayi. Akamata ndi supaguluu, ndipo tsiku lomwe idzafunike kutsegulidwanso mudzabwera kuno, ine n'kudzakuuzani kuti chivindikiro chiswedwe. Ine ndimamata ndi B-7000, yemwe amafewanso ukamutenthetsa, ndipo ndimanena poyera kuti foni yotsegulidwa isayesedwenso m'madzi. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kachubu ka guluuyo, sipiriti, nsonga za kawotcha, zonse zinakwera, koma kasitomala akufunabe mtengo wakale.

Pali kabowo kena komwe anthu a kunja mwina sadziwa ntchito yake kuno. Mu 2016 iPhone 7 inatuluka yopanda polowetsa mahedifoni, ena n'kutsatira. Koma pamafoni ambiri okhala ndi wailesi ya FM, waya wa mahedifoni ndiye mlongoti wake. Mlonda wa usiku, wakabaza, mayi wa pamsika, amamvera mpira ndi mauthenga a maliro pa Zodiak kapena MBC osawononga bandulo. N'chifukwa chake itel ndi Tecno zokhala ndi kabowoko, tochi yowala ndi batire lalikulu zili m'thumba la aliyense. Bambo ena achikulire anabwera ndi foni yodula yomwe mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg, akuitembenuzatembenuza kufuna polowetsa waya. Nditawafotokozera kuti palibe, anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Chikomekome cha nkuyu." Sanamalize mwambiwo. Anaikulunga m'kampango n'kutulutsa kafoni kawo kakale ka mabatani.

Ndamva kuti maiko a European Union anakhazikitsa lamulo mu 2023 loti kuyambira 2027 mabatire a zipangizo zambiri za m'manja azitha kuchotsedwa ndi mwini wake. Zikatero, patapita zaka zingapo katundu wotere adzayamba kufika kuno m'mabelo ndi m'masutikesi a obwera kutchuthi, ine mwina maso atatha kale. Ana omwe ndikuwaphunzitsa pano amadziwa kutenthetsa ndi kukanula kuposa ine, koma nditawaphimbira K1000 ndi chitenje tsiku lina anangoseka, akuti ankolo mwayamba zamatsenga.

Mnyamata wa ukwati uja sindinamubweze chimanjamanja. Ndinamuikira kuti kagudumu kamodzi kaja kazichepetsa ndi kuwonjezera kuwala mwachindunji, zina zonse kamera iziganiza yokha. Ndinadula kachidutswa ka chubu cha njinga n'kumata kutsogolo kuti zala zipeze pogwira, kenako ndinapinda kakatoni kakuda kokhala ngati chipewa, komangira ndi mphira, kotchinga sikirini kudzuwa. Anaiyang'ana nkhope itagwa.

"Ankolo, mwaiipitsatu."

"Igwire ndi dzanja limodzi," ndinatero.

Anaigwira, n'kuigwedeza, osagwa. Anatuluka nayo panja, n'kujambula minibasi ya ku Bangwe ikudutsa, n'kubwerera akuyang'ana m'kachipewa kaja. Kenako anayamba kunenerera mtengo, akuti chubu chakutha sichigulidwa.