Vinyo wa Mapichesi ndi Ngongole ya Shuga

Pansi pa bokosi langa la nsalu pamakhala kope lakale la masamu limene mwana wanga wachisamba adalisiya litalembedwa theka. Kumasamba akumapeto ndidalembako maina a amayi 12, ndipo pambali pa dzina lililonse pali chiwerengero cha mapaketi a shuga. Amayi amenewa ndiwo amayembekezera vinyo wanga wa mapichesi, amene ndimapanga kamodzi kokha pachaka. Sindigulitsa ayi. Aliyense amasonkha shuga mu Novembala, nalandira mabotolo ake mu Juni.

Inu amene mudadzerapo pa Lizulu mvula itangoyamba mukudziwa m'mene mapichesi amachulukira. Madengu amandandalikana m'mbali mwa msewu wa M1, uku kuli Malawi uko kuli Mozambique, ndipo basi ikangoima ana amathamangira kumazenera. Koma mapichesi si mbatata. Akapsa lero, mkuja aola, ndipo dzuwa likapendeka mayi amene wasenza dengu kuchokera kumapiri amangogulitsa motaya kuti asabwerere nalo. Zimenezi zidandiwawa mtima zaka zambiri, kufikira tsiku limene alamu anga a ku Lilongwe adabwera ndi botolo la vinyo wa Linga. Ameneyu amapangidwa ndi banja lina ku Area 3, osati ndi mphesa, koma ndi zipatso zathu zomwezi: jambula, mabulosi, magwafa, chidede, mapulamu ndi mapichesi. Nditalawa ndidati mumtima, kodi chuma chimenechi si chomwe timatayira nkhumba?

Kapangidwe kake sikovuta, chovuta ndi kudikira. Ndimasankha mapichesi akupsa koma osaola, ndi kuwatsuka, ndi kuchotsa nthanga zonse, pakuti mkati mwa nthanga muli zowawa zimene zili ndi ululu. Ndikawafinya m'ndowa yoyera ndimathiramo madzi owiritsa, shuga ndi yisiti. Patapita sabata ndimasefa ndi nsalu ndi kuthira m'chigubu, chimene ndimachidzaza kufikira m'khosi. Pachivindikiro ndimaboola ndi kulowetsa kapaipi, mbali inayo ndi kuiviika m'botolo la madzi. Yisiti akamadya shuga amatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo umatulukira m'madzimo, koma wakunja sulowa. Kuno kwathu n'kozizira, choncho vinyo amapsa pang'onopang'ono. Usiku ndikagona ndimamva kabotolo kaja kakuti thu, thu, ngati mwana wopuma m'tulo.

Tsiku logawana limakhala lokoma. Timakhala pamphasa kuseli kwa nyumba, chisanu cha Juni chikutiluma m'zala, aliyense ali ndi kambale kake, pakuti matambula ndili nawo anayi okha. Pamenepo mumve amayi akutsutsana! Anaphiri amati wa chaka chatha adali wotsekemera koposa. Anangozo amanunkhiza kaye, nati mapichesi a chaka chino adamwa mvula yambiri. Anajere, amene ndi achikulire pa tonsefe ndipo adafulula masese zaka zosawerengeka, salankhula msanga. Amaika dontho palilime, natseka maso, ndipo akati "wagona bwino" nkhani yatha. Ndidziwa kuti ena mwa inu muli m'mipingo yoletsa zoledzeretsa zonse. Sindikangana nanu. Anzanga awiri a m'kope muja nawonso salawa, amangosungira alendo.

Tsono ndikuuzeni zimene zidandigwera. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo m'magolosale idakwera sabata yomweyo. Ndidaganiza zoleka chaka chimenecho, koma amayi adakana. Adasonkha mapaketi 24, ena atamana ana awo shuga wa m'phala. Ndidadzaza zigubu zitatu.

Pa Khirisimasi kudadza alendo, pamodzi ndi alamu anga aja. Titadya mpunga adayamba kufunsa za zigubu. Ndidati vinyo sadapse. Iwo adaseka nati, "Mlamu, ku France, m'dera la Beaujolais, amatsegula vinyo watsopano Lachinayi lachitatu la Novembala, patangopita masabata ochepa chikololereni mphesa, ndipo dziko lonse limakondwera. Inu mudikiranji?" Zimene adanenazo n'zoona, ndipo sindiwaimba mlandu. Chimene chidandigonjetsa ndi mtima wofuna kutamandidwa. Ndidatsegula chigubu choyamba. Alendo adayamikira, ndipo pofuna kuti asiyanitse ndidatsegulanso chachiwiri ndi chachitatu. Pa Nyuwere tidabwerezanso. Zigubu zonse zidatsala zoperewera, pamwamba pali malo a mpweya, ndipo zivindikiro ndidangozibwezera mosasamala.

Mpweya ukalowa mu vinyo, tizilombo tina tosaoneka ndi maso timasandutsa ukali wake kukhala viniga. Ndidadziwa zimenezi kuyambira kale. Mu Epulo nditanunkhiza, fungo lidandibaya m'mphuno ngati singano, ndipo ndidangokhala pansi m'chipinda momwemo.

Masiku amenewo a 2024 shuga adasowa m'dziko, anthu ali pamizere m'masitolo. Ndivomere pamaso panu kuti maganizo oipa adandifikira. Ndidati ndikathiramo shuga pang'ono ndi madzi a chidede kuti aoneke bwino, ndani adzazindikire? Masiku atatu ndidayenda nawo maganizowo, nsima osaimva kukoma. Bambo a kunyumba adaona kuti sindili bwino, ndipo nditawafotokozera adangofunsa kuti, "Nanga Anajere akatseka maso, mudzayang'ana kuti?"

Sindidadikire Juni. Ndidayenda khomo ndi khomo, kope lili m'manja. Kunena kuti vinyo wawonongeka kudali kopepuka, koma kunena kuti ndidamwetsa alendo anga shuga wa ana awo kudandiumitsa pakhosi. Anaphiri adandiyankha mawu amene sindingalembe m'nyuzi, ndipo adali ndi chifukwa. Ena adangoti, "Tamva," osandipatsa ndi mpando womwe. Kwa Anajere ndidafika dzuwa litalowa. Ndidagwada pakhomo ndi kunena zonse. Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, "Mwana wanga, ine ndidatayapo mbiya zisanu za mowa wa ukwati chifukwa cha changu. Shuga wangayo musabweze. Mundipatse mabotolo awiri a zowawasazo, ndizithira m'kabichi."

Enawo ndidawabwezera. Ndidakumba mbatata zanga zisanakhwime bwino ndi kukagulitsa pamsika, ndipo paketi ikapezeka ndinkapita nayo kwa mwini wake ndi kudula mzere m'kope. Mzere wotsiriza ndidaudula mu Seputembala, uli wa Anaphiri. Adalandira ndi manja awiri, koma sadaseke.

Mapichesi atapsanso chaka chomwecho sindidaitane munthu, pakuti manyazi adali asanathe. Adayamba kubwera okha, wina m'mawa wina madzulo, paketi ili kunsonga ya chitenje. Adakwana 9. Anaphiri sadabwere, koma dzina lawo sindidalifute. Chipinda cha zigubu ndidachigulira loko, ndipo kiyi wake amasunga Anajere kwawo kufikira Juni.