Njinga Yamoto Yopanda Mapepala



Lamulungu lapitali ena mwa inu mudationa tikulowa pabwalo la tchalitchi titakwera njinga yamoto yakale yosuluka penti, ndipo mudaseka. Wina adafunsa ngati tidachita kuifukula kudzala. Sitidakwiye, pakuti maonekedwe ake ngoseketsadi. Koma tidalonjeza kuti tidzakufotokozerani m'mene tidaipezera, chifukwa ulendo wogula njinga imeneyi udatiyesa pa zinthu zimene sitinkaziyembekeza.

Kuyambira chaka cha 2004 mpaka 2011 tinkagwira ntchito ya ulangizi m'midzi pansi pa bungwe lina, ndipo tinkayenda pa Yamaha DT 125. Njira za ku Malingunde, za m'munsi mwa phiri la Bunda ndi zolowera ku nkhalango ya Dzalanyama tinkazidziwa pamodzi ndi maenje ake omwe. Tsono m'dzinja la 2011 tidaterereka pamatope powoloka dambo, nkuthyoka fupa la paphewa. Tisanachire bwino ntchito ija idatha, njinga idabwerera kwa eni ake, ndipo kwa zaka 13 tidakhala anthu a njinga yakapalasa ndi minibasi. Tinkauza anthu kuti vuto ndi ndalama, koma m'kati mwa mtima mudalinso mantha.

Chidatibweza ndi usiku wina m'chaka cha 2022. Lamya idalira pakati pa usiku kuti mayi athu okalamba adwala mwadzidzidzi kumudzi. Tidazungulira pa Mitundu kufunafuna wakabaza, koma anyamata onse amene tidawadzutsa adakana. Ankati njira imeneyo usiku sayendamo, poopa achifwamba amene amabisalira okwera njinga, kuwakhapa ndi kuwalanda. Tidakafika kutacha. Mulungu adatichitira chifundo, mayi adachira, koma kuyambira tsiku limenelo tidagwirizana ndi mayi a kunyumba kuti tiyambe kusunga ndalama. Padalinso chifukwa china: magulu a achinyamata a ku nthambi zakutali za parishi yathu ankadandaula kuti sitiwayendera.

Tidasunga za soya ndi za mtedza, zina ku banki m'khonde. Koma mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja idakwera nthawi yomweyo. Njinga yatsopano idatithawa tikuiona. Chotsala chidali kufuna yogwiritsidwapo kale ntchito.

Sitinkafuna njinga ina iliyonse. Njinga zambiri za kabaza n'zabwino pa tala, ndipo zipangizo zake sizisowa, koma njira zathu n'zafumbi m'chilimwe ndi zamatope m'dzinja. Tinkafuna yaitali miyendo, ya matayala a mano akuya, monga zija ankayendera alangizi a zaulimi ndi azaumoyo: Yamaha DT 125, Honda XL 125 kapena Yamaha AG 200. Popeza mutu umodzi susenza denga, tidapempha makaniko wina, mnzathu wa m'kwaya, kuti aziyenda nafe.

Iye adatipatsa malangizo amene tikufuna nanunso muwasunge. Njinga uzikaiona m'mawa, injini isanalizidwe, ndipo uyambe waikhudza ndi dzanja. Ikakhala yofunda, dziwa kuti mwini wake waitenthetsa dala kuti ibise kuvuta kwake polira. Uyang'ane utsi. DT 125 idapangidwa kuti izitentha oilo pang'ono pamodzi ndi petulo, motero kautsi kake sikodabwitsa. Koma XL 125 ndi AG 200 zimasunga oilo m'injini, ndipo zikamatulutsa utsi wobiriwira ndiye kuti m'kati mwadyeka. Uone mano a gudumu la tcheni: akasongoka ndi kupindika ngati minga ya kankhande, atha. Ugwedeze tayala cham'mbali kuti umve ngati likugwedera. Uwerengenso manambala anayi olembedwa pakhoma la tayala, pakuti awiri oyamba amanena sabata ndipo awiri otsiriza amanena chaka chimene tayalalo lidapangidwa. Koposa zonse, ufananize nambala ya injini ndi nambala yodindidwa pakhosi pa chitsulo cha njinga ndi zimene zalembedwa pa mapepala ake.

Njinga yoyamba tidaipeza tsiku la msika pa Mitundu pompano, mu Julayi 2024. Idali yofiira, yonyezimira, mpando wake wokutidwa chatsopano. Mtima wathu udagwa pomwepo. Wogulitsa adati, "Madala, iyi musachedwe nayo, ena akubwera ndi ndalama masana ano." Mnzathu sadayankhe, adangogwada, nkupititsa chala pansi pa injini, ndipo chidatuluka chakuda ndi oilo. Ataiponda kuti ilire, utsi udakwirira amayi ogulitsa tomato. Penti ija adaipaka ngakhale pamwamba pa dzimbiri. Akuluakulu adanena kale za chikomekome cha mkuyu, kuti m'kati muli nyerere. Pobwerera tidakumbukira mneneri Samuele kunyumba kwa Yese, m'mutu 16 wa buku lake loyamba: nayenso adakopeka ndi msinkhu wa mwana woyamba, mpaka Mulungu adamukumbutsa kuti kuona kwake n'kosiyana ndi kwa anthu. Phunziro limenelo silidali lovuta, popeza palibe amene amafuna kutaya ndalama zake.

Chiyeso chenicheni chidabwera ndi njinga yachiwiri. Mnyamata wina adatitsatira nkutinong'oneza kuti ali ndi katundu wabwino. Adatitengera kuseri kwa nyumba ina, kumene tidapeza Honda yooneka kuti siidayende kwambiri. Injini idali yozizira, koma idalira pa kuponda kamodzi, mawu ake osalala, popanda utsi. Mtengo wake udali pafupifupi theka la umene tinkayembekeza. Titafunsa za mapepala, adati ali ndi achimwene ake ndipo abwera sabata yamawa. Titafunsa za kiyi, adati adataika, ndipo tidaona kuti mawaya adachita kudulidwa nkulumikizidwa. Mnzathu adawerama pakhosi pa njinga paja, nkutikodola kuti tione: pamene pamayenera kukhala nambala padali pokhulidwa ndi tupa, nkudetsedwa ndi penti yakuda.

Tikadakonda kukuuzani kuti tidachoka pomwepo mitima ili yoyera. Sizidatero. Tidauza mnyamata uja kuti atisungire mpaka mawa. Njira yonse tinkadzimangira zifukwa. Tinkati sindife apolisi. Tinkati mwina mapepala alipodi. Tinkati kumudzi kuno njinga zambiri zikuyenda popanda nambala, ndipo palibe amene amafunsa. Chifukwa choopsa kuposa zonse chidali chovala zachipembedzo: tinkati njingayi idzagwira ntchito ya Mulungu, idzatifikitsa kwa achinyamata a ku nthambi, ndipo ndalama zotsala tidzalipirira mwana sukulu.

Usiku tidafotokozera mayi a kunyumba zonse, tikuyembekeza kuti akondwera ndi kutchipako. Iwo adakhala chete kanthawi, kenaka adafunsa kuti, "Bambo, paja usiku uja amayi adadwala, anyamata a kabaza aja adakana kutinyamula chifukwa chiyani?" Sitidayankhe. Adapitiriza kuti, "Nanga amene amawalanda njingazo amakagulitsa kwa yani, ngati si kwa anthu onga ife?"

Tulo sitidatione usiku umenewo. Sitinganene kuti mnyamata uja ndiye adaba, pakuti sitidamuone akuba. Koma munthu sakhula nambala ya katundu wake. Kwinakwake kudali mwini wa njinga ija, mwina mnyamata amene adaitenga pangongole, mwina ali m'chipatala, mwina mkazi wake adavala kale zakuda. Wakuba njinga sadya chitsulo. Amaba chifukwa akudziwa kuti m'mawa apeza wogula wosafunsa mafunso. Tidazindikira kuti lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba, silithera pa amene wathyola loko. Limafikanso kwa amene watulutsa ndalama atatseka maso dala. Ndipo pamene pakhetsedwa magazi, wogulayo wayandikiranso lamulo lachisanu.

Kutacha sitidabwerereko. Komabe tili ndi china choti tiulule: tidazengereza masiku atatu tisanakauze achitetezo, poopa kudziwika kuti ndife tanena. Pamene tinkalimba mtima, njinga ija idali itachoka kale. Nkhani imeneyi tidapita nayo ku Sakramenti la Kulapa, chifukwa kusachita chabwino chimene uyenera kuchita nakonso n'kuchimwa, monga timavomerezera poyamba pa Misa iliyonse.

Padapita miyezi iwiri tisanamve za njinga yachitatu. Katekisiti wina ndiye adatiuza za bambo wachikulire wa cha ku Nathenje, wopuma pa ntchito ya ulangizi, amene maso adayamba kumuvuta. Tidakafika m'mamawa. Njinga yake, Yamaha AG 200, idali m'khonde, thanki yosuluka, mpando womangidwa ndi mphira. Tisanafunse kanthu, bamboyo adayamba yekha kutchula zolakwika zake. "Achimwene," adatero, "tayala lakutsogolo latha, buleki yakumbuyo njofooka, ndipo nyale imazima mukagunda bampu. Ndikuuzeni ndine, musakazionere panjira." Kenaka adatulutsa kope la ana asukulu m'mene ankalemba tsiku lililonse limene adasintha oilo. Manambala a pa njinga ndi a pa mapepala adafanana onse.

Mnzathu makaniko adatisonyeza ubwino wa mtundu umenewu, umene udapangidwira ntchito za kumunda. Tcheni chake n'chotsekeredwa m'chikuto kuti fumbi ndi matope zisachidye msanga, ili ndi zonyamulira katundu kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso mwendo woimikira mbali zonse ziwiri. Siyothamanga, koma imakoka pamtunda. Mtengo wake udaposa wa Honda ija, ndipo tidafunikanso kukagula tayala ndi zina kwa Biwi mu Lilongwe. Tidalemberana kalata ya mgwirizano pamaso pa mboni, kenaka tidapita limodzi ndi bamboyo ku ofesi ya Road Traffic kukasintha umwini, nkudula inshuwalansi. Ndalama zonse zidatha. Koma usiku umenewo tidagona tulo tabwino.

Padatsala chinthu chimodzi chimene tidali tisanachiyese, ndicho wokwera mwini. Tidayang'ana njinga zitatu ndi diso lakuthwa, osaganiza kuti nafenso ndife katundu wakale. Chiphaso chathu chidali cha gulu la A1, lololeza njinga zosapitirira 125cc, pomwe AG 200 ili ndi injini ya 196cc ndipo imafuna chiphaso cha gulu la A. Tidayenera kubwerera kukaphunzira ndi kuyesedwa, pakati pa anyamata a msinkhu wa ana athu. Madzulo tinkayeserera pabwalo la mpira, ndipo tsiku loyamba tidagwa njinga ili chiimire, ana akuombera m'manja. Manja ankakumbukira magiya, koma maso ndi mawondo sizidalinso za 2004. Msewu nawonso udasintha: kale tinkayenda kuchokera pa Mitundu mpaka pa Bunda osakumana ndi njinga zamoto zingati, pomwe lero zimatulukira paliponse, zina zitanyamula anthu atatu opanda zipewa zotetezera mutu.

Pano tikulankhula kwa inu achinyamata amene mukugwira ntchito ya kabaza kapena mukuilakalaka. Ndi ntchito yolemekezeka, ikudyetsa mabanja ambiri ndipo ikufikitsa odwala kuchipatala. Koma amene adayenderapo odwala ku chipatala cha Kamuzu Central akudziwa kuchuluka kwa anyamata othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu chifukwa cha ngozi za njinga. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2290, amaphunzitsa kuti amene amaika moyo wake ndi wa anzake pachiswe panjira chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro amachimwa kwambiri. Mu 2007 ku Vatican kudatulukanso chikalata chapadera cha malangizo a utumiki kwa oyenda pamsewu. Motero kuvala chipewa, kupereka china kwa amene mwamunyamula, ndi kukana kachasu musanakwere si nkhani ya kuopa apolisi chabe ayi. Ndi nkhani ya chikhulupiriro chathu.

Bambo mfumu atawaza madzi odalitsa pa njinga yathu Lamulungu lija, adatikumbutsa akumwetulira kuti madziwo salowa m'malo mwa buleki. Tidaseka nawo, koma m'maganizo mwathu mudabwera njinga ina ija ya kuseri kwa nyumba. Tikadaigula, kodi tikadalimba mtima kuibweretsa pakhomo pa tchalitchi kuti aidalitse?

Sabata ino tiyeni tidzifunse mafunso awa m'miphakati mwathu ndi m'magulu athu. Lamya ya m'manja imene tidagula motchipa pamsika, tidafunsa kumene idachokera? Pogulitsa mbuzi, njinga kapena wailesi, timatchula zilema zake monga adachitira bambo wa ku Nathenje, kapena timapaka penti pa dzimbiri? Ndi choipa chiti chimene takhala tikuchiveka dzina la ntchito ya Mulungu?

Tipemphere. Ambuye Yezu, inu amene mudayenda ndi ophunzira anu panjira ya ku Emausi, yendani ndi onse okwera njinga m'misewu ya Mitundu ndi Nathenje. Tetezani anyamata a kabaza usana ndi usiku, tonthozani mabanja amene adataya ana awo panjira, ndipo tembenuzani mitima ya olanda ndi ya ogula zolandidwa. Tipatseni mphamvu yokana phindu limene ladzera m'misozi ya anzathu. Amen.

Tikumane Loweruka ku msonkhano wa achinyamata. Amene akufuna kukwezedwa pa njinga yathu yakudzala ija abwere, chipewa chachiwiri tili nacho.