ZAKUDYA ZA PA ULENDO WA KU MPOTO

Ambiri a inu muli ndi ana amene akuphunzira ku Mzuzu kapena ku Livingstonia, ena mumapita ku Karonga kukagula mpunga, ndipo kawirikawiri mwatifunsa kuti: Kodi mlendo akafika ku dziko la ku mpoto adzadya chiani, nanga adzadyera kuti? Ena tawamva alikunena kuti iwo sangakhudze nsima ya chinangwa, ndi kuti nkwabwino kunyamula ufa wa kwao m'thumba. Tsono ife tinayenda ulendo umenewu tiri awiri m'mwezi wa June, mpunga utangokololedwa, ndipo tifuna kukusimbirani zimene tinadya ndi malo amene tinadyeramo, kuti wina wa inu asadzagone ndi njala pakati pa zakudya zambiri.

Basi yathu inachoka ku Lilongwe mbandakucha, nipitirira Kasungu, niima pa Jenda. Pamenepo amai amathamangira ku mazenera ndi mabeseni a matimati, anyezi ndi mbatata ya kachewere, ndipo anyamata amakazinga chipisi ndi nyama ya mbuzi pa chiwaya m'mbali mwa mseu. Tinadya chiimirire monga achitira apaulendo onse, koma tinayamba taonetsetsa kuti nyamayo ikuchoka pa moto ife tikupenya. Kuchokera apo mseu ukwera mapiri a Viphya, nupyola nkhalango ya paini ya Chikangawa, kumene mphepo yozizira imalowa mpaka m'mapfupa.

Mzinda wa Mzuzu ngwaung'ono pa zaka, pakuti unayamba ndi munda wa mitengo ya tung m'chaka cha 1947, ndipo unalandira ulemu wa mzinda mu 1985. Pafupi ndi msika ndi depoti pali tinyumba tambiri todyeramo, timene anthu amatitcha malesitilanti, ndipo m'menemo ndimo mudyera oyendetsa galimoto ndi anthu a pa nchito. Ife tinalowa m'kamodzi, ndipo mai wophika anatipatsa nsima ya ufa woyera ndi nkhuku ya chikuda, nyemba, ndi mpiru wotendera. Kumeneko nsima amati sima, ndiwo amati dende, ndipo pothokoza amati yewo. Mlendo wodziwa mao atatu amenewa sabvutika. Mamawa musachoke musanamwe khofi, pakuti ndiye ulemu wa dziko lino. Amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono ku mapiri a Misuku, Phoka ndi Viphya, amene amagulitsa pamodzi kupyolera m'bungwe lao. M'matilumu ang'ono mudzapeza tiyi wamkaka ndi masikono okha. Khofi mumfunse m'nyumba zodyeramo zazikulupo.

Kuchoka ku Mzuzu tinatsikira ku Nkhata Bay, mtunda wosafika makilomita 50, ndipo chisanu chinatisiya tisanafike ku nyanja. Kuno ndiko kwao kwa kondowole, nsima ya Atonga. Kakonzedwe kache nkotere: amakumba chinangwa chowawa, nachisenda, nachibviika m'madzi masiku angapo kufikira chitafewa, pakuti madziwo ndiwo amachotsa ululu umene ungathe kupha munthu, pambuyo pache amachiyanika pa dzuwa, nachisinja. Ufa wache amaubvundula m'madzi owira ndi mphamvu ya manja, ndipo nsimayo imatuluka yonyududa, yokoka ngati ulimbo, ndi ya pfungo lache lache. Mnzathu anatema mbamu yaikulu nayamba kutafuna, nalimbana nayo nthawi yaitali, kufikira mai mwini nyumba anaseka nati: "Ada, kondowole satafuna ai, temani pang'ono, mubviike m'msuzi, mumeze." Titachita monga anatiuza tinapeza kuti nkokoma ndithu, makamaka ndi nsomba ya batala yophika ndi matimati, ndi chigwada chotendera nsinjiro. Tinadya masana, ndipo njala sinatipeze kufikira usiku.

Nyumbayo inali kuyang'ana ku doko kumene imakocheza sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 niyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Dzuwa litalowa tinaona nyali zambirimbiri pa madzi, monga mudzi woyandama. Amenewo ndiwo asodzi a usipa, amene amakopa nsomba ndi kuwala, naziwola ndi khoka la chilimira. Pa nyengo zina pamabuka mtambo wa tizirombo totchedwa nkhungu, ndipo anthu amatigwira ndi malichero, natiumba zikondamoyo zakuda. David Livingstone anazilawa pamene anayenda m'mbali mwa nyanjayi mu 1861. Koma mai uja anatiuza mao amene anatimvetsa chisoni. Anati nsomba zimene amake ankagula ndi dengu, iye masiku ano amaziwerenga ndi zala, chifukwa asodzi achuluka, ndipo ena amakokolola ndi ana omwe a nsomba pogwiritsa masikito. Chifukwa chache tikupemphani, abale, mukaona kasawala pa msika, ndiye mwana wa chambo, musamgule ngakhale atchipe. Wogula mwana lero ndiye amene adzasowa make mawa.

Tinabwerera ku Mzuzu, ndi kulowera ku mpoto pa mseu wa Karonga, umene upitirira makilomita 200. Utadutsa Ekwendeni, mseuwu umatsika chitunda cha Chiweta mokhotakhota, ndipo nyanja imaonekera mwadzidzidzi pansi panu, yobiriwira kufikira mapiri a ku Tanzania. Pa Chitimba tinakwera lole yopita ku Livingstonia, kumene Dr. Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894, pa mseu wa Gorodi wa makona 20. Pamwamba pache, pafupi ndi mathithi a Manchewe, pali nyumba zodyeramo zimene zimalandira makamaka alendo a maiko akutali. Zimaphika ndiwo zamasamba za m'dimba lao lomwe, ndipo mtengo wache ngwokwera kwa munthu wa kumudzi. Ife tinangogula khofi, ndi kukhala pa khonde la m'mphepete mwa phompho kupenya nyanja. Ndipo sitinadandaule ndalama yathu. Titatsika tinaima pa Ngara, pamene nsomba zimayanikidwa pa thandala m'mbali mwa mseu, ndi kudya usipa wootcha udakali wotentha.

Ku Karonga kumatentha ngakhale m'nyengo ya chisanu. Musanalowe m'nyumba yodyeramo mudzamva pfungo la mpunga wa Kilombero, umene mbiri yache yafika m'misika ya dziko lonse. Umalimidwa m'zigwa za m'bomali, ndi m'minda yothirira monga ya Hara, Wovwe ndi Lufira. Wogulidwa kwathu kuno nthawi zina umakhala wosakaniza ndi mitundu yina, koma kumeneko mudzaudya weniweni, wosafuna ndiwo zambiri. Komabe chakudya chimene Ankhonde amanyadira koposa ndicho mbalagha, ndizo nthochi zosapsa zimene amazisenda naziphika m'mphika umodzi ndi nyama, kufikira msuzi utalowerera. Mbale imodzi imakwanira nsima ndi ndiwo pamodzi. Popeza Ankhonde ndi oweta ng'ombe kuyambira kale, pambali pache anatiikira chambiko, ndiwo mkaka wosasa wolimba, umene ena amadyera nsima. M'ndiwo zina amathira mawese, mafuta ofiira a mtengo wa kanjedza umene umamera m'dera lomwelo. Ndipo popeza malire a Tanzania pa mtsinje wa Songwe ali pafupi, madzulo mudzapeza anyamata akukazinga chipisi pamodzi ndi mazira monga achitira tsidya lija. Mukadya muthokoze kuti ndagha, ndipo mudzaona nkhope ya wophika ikuwala. Ngati nthawi ilipo, kaoneni nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa mu 2004, m'mene muli chithunzithunzi cha mapfupa a chinyama chachikulu chamakedzana chotchedwa Malawisaurus.

Malo otsiriza anali Chitipa, amene kale ankatchedwa Fort Hill, mtunda wa makilomita ngati 100 kukwera mapiri pa mseu wa phula. Kumeneko zilankhulo nzambiri, Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha ndi zina, kotero kuti pa tebulo limodzi mungathe kumva zinai. Tinadya nsima yofiira ya mawere ndi nyemba za ku Misuku, ndipo pa msika tinagula chinaka. Chimenechi chimachokera ku timizu tonga mbatata timene amakumba m'madambo. Amatisinja, natiphika ndi nsinjiro ndi chidulo kufikira zitalimba, ndipo amacheka zidutswa monga nyama. Okumba ati timizuti tikusowa chaka ndi chaka, chifukwa wokumba muzu wachotsa ndi mbeu yomwe.

Tsono tisabise cholakwa chathu. Pobwerera, pa malo ena amene sitiwatchula, basi inali pafupi kunyamuka, ndipo tinagula mofulumira mpunga wozizira ndi ndiwo zimene zinaoneka kuti zagonera. Usiku umenewo mnzathu anadwala m'mimba, ndipo tinataya tsiku lathunthu. Iye anachira, koma tikumbukire kuti m'zaka za 2022 ndi 2023 nthenda ya kolera inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, monga Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga, anakhudzidwa nao. Chifukwa chache nyumba yabwino yodyeramo muizindikire ndi izi: eni dziko adyeramo ambiri, kotero chakudya sichikhalitsa, nsima ndi ndiwo zibwera zikufuka nthunzi, miphika njobvundikira, madzi osamba m'manja akuthirirani kuchokera m'jagi, ndi sopo, osati beseni limodzi losambamo onse. Ndipo mtengo mufunse musanadye, kuti pasakhale kukangana mbale itatha.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mbiri yache imatsala. Mlendo amene akwinya nkhope poona kondowole, kapena atulutsa ufa wa kwao pamaso pa mai amene wamphikira, anyoza dzanja lomwe lamlandira, ndipo mwana wache akadzafika kumeneko adzampeza atamtsekera kale khomo. Ufawo muusiye kunyumba kuti adye ana. Tengani sopo, ndalama zokwanira, ndi mao aja othokozera, ndipo mukabwerako mudzatisimbire chimene chinakukomerani. Ife tinabwerako ndi thumba la Kilombero, ndi khumbo lodzapitanso ku Nkhata Bay kukamaliza kuphunzira kumeza kondowole.